Pepala Limene Limatsala Patebulo

Inu a ku Lizulu amene mukulongedza kabichi ndi kachewere m'matumba, inu a kuchigwa ku Kasinje ndi ku Sharpevale, a ku Manjawira, a ku Tsangano kumene chisanu chimalowa mpaka m'mafupa, ndi inu a pa Ntcheu Boma pomwe pano, sendezani mpando pafupi, ticheze.

Mukadzafika pa Boma Lolemba m'mawa, mudzaime pambali n'kuyang'ana m'manja mwa anthu otsika m'minibasi ndi pakabaza. Ambiri mudzawaona atagwira envelopu yakhaki. Ena pepala alipinda kanayi n'kuliika m'jumbo kuopa mvula ndi thukuta. Uyu walunjika ku ofesi ya zamaphunziro, uyu kukhonsolo, uyo kwa a zaulimi. Munthuyo walipira galimoto, mwina wachita kugulitsa nkhuku kuti afike. Akalowa mu ofesi apereka moni, apereka pepala, kalaliki adindapo chidindo, kenaka amuuza kuti abwerere kwawo akadikire. Iye apitadi. Chotsala patebulo ndi pepala lija. Bwana woti agamule nkhaniyo mwina tsikulo anali kumsonkhano ku Lilongwe. Nkhope ya mwini pepala sadaione, kudandaula kwa mawu ake sadakumve, fumbi la m'mapazi mwake sadalione. Adzakumana ndi pepala lokha, Lachinayi madzulo atatopa, lili pakati pa mapepala ena ambirimbiri. Pepalalo likakhala lodziwa kulankhula, nkhani iyenda. Likakhala lachibwibwi, nkhuku ija yapita pachabe.

N'chifukwa chake lero ndasankha kuti tikambe za kulemba kwa pantchito: makalata antchito, malipoti, maminitsi a misonkhano, mamemo, zidziwitso zomata pakhoma, mafomu, ndi malangizo olembedwa pabotolo la mankhwala. Ambirife timaganiza kuti aliyense amene adafika Fomu 4 zimenezi amazitha. Ine ndikukana. Ili ndi phunziro palokha, lili ndi aphunzitsi ake, mabuku ake ndi kafukufuku wake, ndipo munthu amaliphunzira monga momwe amaphunzirira ukalipentala kapena unamwino.

Kusukulu tonse tidalembapo chimangirizo, kalata yamchezo ndi kalata yantchito. Zidatithandiza, sindikuzinyoza. Koma taganizirani amene ankawerenga. Anali mphunzitsi, munthu amene ntchito yake ndi kuwerenga mpaka pamzere womaliza, cholembera chofiira chili m'manja. Nkhaniyo ankaidziwa kale kuposa ife, ndipo chimene ankafuna n'kuona ngati ifenso tikudziwa. Tinkachita kuwerenga mawu kuti akwane chiwerengero chimene mayeso akufuna, ndipo akaperewera tinkawonjezera madeya. Pantchito zinthu zimatembenuka. Wodziwa nkhani ndinu wolemba. Wowerenga sakudziwa kanthu, nthawi alibe, ndipo palibe womukakamiza kuti amalize. Akamaliza kuwerenga sapereka malikisi. Ayenera kuchitapo kanthu: asaine, atumize munthu, alipire, kapena akane.

Tiyerekeze kuti mjigo wa m'mudzi mwanu wawonongeka, ndipo komiti yatuma mlembi kuti alembe kalata. Ndikuwerengerani makalata awiri amene ndapeka ndekha, inu mukhale bwana wa mu ofesi.

Yoyamba ikuti: "Wokondedwa Bwana, choyamba tithokoze Mulungu amene watisunga kufikira lero. Monga mukudziwa, madzi ndi moyo. Kuyambira kalekale anthu a m'mudzi muno akhala akuvutika ndi nkhani ya madzi. Amayi akuyenda mitunda italiitali ndipo ana akudwaladwala. Chonde tiganizireni mwa njira ina iliyonse imene mungathe."

Yachiwiri ikuti: "Bwana, tikupereka ulemu. Tikupempha kuti mutitumizire mmisiri wa mijigo mwezi uno usanathe. Mjigo wathu, umene uli kuseri kwa sukulu ya pulayimale, udasiya kutulutsa madzi pa 3 Ogasiti. Mmisiri wa m'dera lino wauona ndipo wati mapaipi awiri athyokera pansi, koma iye alibe zida zowavuulira. Mabanja 84 akutunga kumtsinje. Komiti yasonkha K60,000 yogulira zipangizo ndipo ili kwa msungichuma. Wapampando mumupeza pa nambala ili m'munsiyi."

Kalata yoyamba ilibe bodza ngakhale limodzi. Amayi akuyendadi, ana akudwaladi. Koma inu bwana, mutaiwerenga, muchita chiyani mawa m'mawa? Simukudziwa ngati anthuwa akufuna mjigo watsopano, kapena wakale wafa, kapena akufuna mankhwala othira m'madzi. Muiika pambali kuti mudzafunse bwino, ndipo pambali pamenepo ndi pamene makalata amakalambira. Yachiwiri mungathe kuipereka kwa mmisiri momwe ililimo, iye n'kudziwa zida zoti anyamule asananyamuke. Phunziro lonse limene ndikunenali lagona pa kusiyana kwa makalata awiriwa. Wolemba wachiwiri asanagwire cholembera adadzifunsa kuti, kodi awerenge ndani, ndipo ndikufuna akamaliza achite chiyani? Mayankho ake ndiwo adasankha zolowa m'kalata ndi zotsala kunja.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu, makamaka akuluakulu, mwagwedeza mutu. Mukuti kalata yachiwiriyo yauma, ikumveka ngati yamwano. Kwathu kuno munthu safika pakhomo pa mfumu n'kungoyamba ndi pempho. Pali kuwomba m'manja, pali malonje, pali kufunsana za kumene mwachoka. Mfundo imeneyi sindikuitenga mopepuka, pakuti ulemu ndi chuma chathu, ndipo kalata yopanda ulemu nayonso imatsekereza njira. Koma tiyeni tipite pabwalo la milandu tikaone. Wodandaula amalankhula nthawi yaitali, amayambira kwa agogo ake, amadutsa m'malire a minda yonse. Woyankha nayenso chimodzimodzi. Kenaka nduna imaimirira n'kutula nkhaniyo kwa mfumu m'mawu ochepa: wadandaula ndi uyu, chomudandaulitsa n'chakuti, akupempha chakuti. Kodi alipo amene adanenapo kuti ndunayo ndi yamwano? Timaiyamikira kuti imadziwa kusenda nkhani.

Nanga uthenga wamaliro? Mnyamata wotumidwa kukanena zovuta kumudzi wina amafika modzichepetsa, amakhala pansi, koma zinthu zinayi sangaziiwale: watisiya ndani, watisiya liti, maliro ali kuti, ndipo aikidwa tsiku liti. Atalankhula mawu okoma achitonthozo kwa ola lathunthu n'kuiwala tsiku loika, anthu angamubweze kuti akafunsenso. Luso limeneli tili nalo kale m'magazi. Chimene chimatichitikira n'chakuti tikangoona pepala timachita mantha, n'kuyamba kuzungulira ngati tikuopa kuponda njoka. Ulemu upatsidwe mzere wake pamwamba, wochokera pansi pa mtima, kenaka nkhani ibwere. Kusamutayitsa nthawi munthu wotanganidwa ndi ulemunso.

Pepala lidalowa m'boma lino la Ntcheu ndi amishoni ndi atsamunda. Ansembe a Montfort adakhazika mishoni ku Nzama mu 1901, ndipo masukulu a ku Mlanda, ku Gowa ndi ku Dombole adatulutsa aphunzitsi, alaliki ndi makalaliki oyamba. A DC achizungu ankalemba zonse: misonkho, milandu, mibadwo ya mafumu, malipoti a chaka ndi chaka. Zambiri mwa zimenezo zikusungidwa ku Zomba, kunyumba yosungira zolembedwa zakale za boma, imene idayamba mu 1947. Pamene Inkosi Gomani yachiwiri, Philip Gomani, idakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953 n'kuuza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe, yankho la atsamunda lidabwera papepala, lowachotsa pampando ndi kuwasamutsa. Makolo athu adazindikira msanga kuti amene wagwira pepala wagwira mphamvu. Mabungwe oyamba a anthu akuda, kuyambira bungwe la kumpoto la 1912 limene Levi Mumba adali mlembi wake, chida chawo chidali maminitsi ndi makalata a madandaulo opita kwa bwanamkubwa ku Zomba. James Frederick Sangala, mmodzi wa amene adayambitsa Nyasaland African Congress mu 1944, adagwirapo ntchito yaukalaliki.

Ine ndidayamba kuona kulemera kwa kalata ndili mwana, pamene amayi achikulire a m'mudzi ankandiitana kuti ndiwawerengere makalata ochokera ku Joni, kwa amuna awo ndi ana awo amene adapita pa Theba. Kalata yabwino inkanena kuti ndatumiza ndalama zakuti, zakutizi n'za feteleza, zakutizi mupatse amayi, zotsalazo n'za fizi. Kalata yongoti ndatumiza kangachepe mugawane, inkayatsa moto pakati pa mpongozi ndi apongozi, ndipo wolembayo ali kumgodi sankadziwa n'komwe kuti kwawo kukufuka utsi.

Kunja kuno anthu adafika poona kuti vutoli n'lofunika sukulu. Ku Britain, nkhondo yachiwiri itatha, boma lidapempha Sir Ernest Gowers, amene adakalambira m'ntchito ya boma, kuti alembe kabuku kophunzitsa ogwira ntchito m'boma kulemba mawu omveka, ndipo kadatuluka mu 1948. Taonani, awa ndi Angelezi, eni ake chilankhulo, koma makalata a m'maofesi mwawo anthu wamba sankawamva. Ku America, sukulu yaukachenjede ya Rensselaer idatsegula maphunziro a digiri yachiwiri a kulemba za umisiri mu 1953. Mu 1979 mayi wina wa ku Liverpool, Chrissie Maher, amene adakula osadziwa kuwerenga bwino mpaka atasinkhuka, adatenga mafomu a boma n'kukawang'amba poyera pafupi ndi nyumba ya malamulo ku London, kusonyeza kuti fomu yosamveka imamana osauka thandizo lawo. America idakhazikitsa lamulo mu 2010 lokakamiza nthambi za boma kulembera anthu momveka. Pafupi pompa, ku South Africa, lamulo loteteza ogula la 2008 limafuna kuti mapepala opatsidwa kwa wogula akhale m'mawu oti munthu wamba awamve.

Kwathu kuno phunziroli lilipo, ngakhale limabisala m'maina ena. Ku Mpemba ogwira ntchito m'boma akhala akuphunzira za mu ofesi kuyambira zaka za m'ma 1960. Ku MUBAS, imene tinkaitcha Polytechnic, kuli maphunziro a digiri a kufalitsa mauthenga pa zamalonda, ndipo ophunzira a chaka choyamba m'mayunivesite a boma amadutsa m'kalasi ya luso la chilankhulo ndi kulumikizana. Wophunzira kumeneko amaphunzira kumudziwa wowerenga, kusiyanitsa mitundu ya zolemba ndi ntchito ya mtundu uliwonse, kuyala mawu papepala kuti diso lipeze msanga chofunika, kugwiritsa ntchito manambala ndi matebulo, kuunika ndi kukonza zimene walemba, komanso kunena zoona. Chimene chimandiwawa n'chakuti anthu amene amalemba mapepala ofunika kwambiri m'boma lino, alembi a makomiti a m'midzi, a mipingo, a makalabu a alimi, a makomiti a sukulu, ambiri sadapatsidwepo ngakhale tsiku limodzi la maphunziro oterewa. Amasankhidwa chifukwa ali ndi dzanja labwino, n'kupatsidwa kope ndi bolopeni, basi.

Apa ndiima pang'ono, chifukwa nkhani ya maminitsi ndi imene ili pamtima panga.

Kuchokera mu 1998, pamene dziko lino lidakhazikitsa lamulo la maboma ang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu, chitukuko chimayenera kuyambira pansi. Anthu akambirana ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), mfundo zawo zikwera ku komiti ya chitukuko ya dera (ADC) ya kwa mfumu yaikulu, kaya ndi kwa Njolomole, kwa Ganya, kwa Kwataine, kwa Mpando kapena kwa Phambala, kenaka zifika kukhonsolo n'kulowa m'dongosolo la chitukuko cha boma lonse. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'boma la Ntcheu muli anthu oposa 650,000. Anthu onsewa sangakwane m'chipinda cha misonkhano cha khonsolo. Chimene chimakwera makwerero amenewa m'malo mwawo ndi pepala. Mawu amene mayi adalankhula pansi pa mtengo wa mango, kuti mlatho ndi wofunika kuposa msika chifukwa ana amalephera kuwoloka nthawi ya dzinja, akafika pa Boma pokhapokha ngati mlembi adawalemba, ndipo adawalemba momveka. Mlembi wa VDC ali ndi mphamvu zimene mwini wake nthawi zambiri sazidziwa.

Tsono maminitsi ambiri amene ndawaonapo amadwala matenda awiri. Ena amalemba chilichonse: amene adapemphera, amene adachedwa, amene adakwiya, masamba anayi, koma chimene msonkhano udamanga osachipeza. Ena amalemba mwachidule koma mobisa anthu. Mumva kuti, "Zidagwirizanidwa kuti njerwa ziumbidwe." Aphunzitsi a Chichewa amati umenewu ndi msintho wochitidwa wa mneni, ndipo pachilankhulo palibe cholakwika. Koma ziumbidwe ndi yani? Zingati? Pofika liti? Chiganizo chotere chili ngati khasu lopanda mpini. Mwezi ukatha, komiti ikakumananso, aliyense amayang'ana mnzake, njerwa palibe, ndipo palibe woti n'kumufunsa chifukwa pepala silidatchule munthu. Mlembi wophunzitsidwa amalemba kuti mudzi wakuti uumba njerwa 10,000 pofika pa 30 Sepitembala, ndipo woyang'anira ndi wachiwiri kwa wapampando. Akalemba amawerenga mokweza anthu asanabalalike, kuti wotsutsa atsutsiretu pomwepo.

Nthawi zina mlembi amabisa dzina dala, poopa kuoneka ngati akuloza chala akuluakulu. Ndimamumvetsa, amakhala nawo m'mudzi momwemo. Koma dzina lolembedwa pamaso pa onse, mwini wake atavomera, limateteza mlembiyo, limatetezanso wotchulidwayo kuti asadzasenzetsedwe zimene sadalonjeze. Amayi a banki m'khonde izi amazidziwa bwino kuposa tonse. Gulu limene kope lake lili ndi tsiku, dzina, ndalama ndi siginecha pamzere uliwonse limagawana mu Disembala anthu akuseka. Limene lidadalira kuti tonse tidaona, limathera kwa a mfumu.

Pali zolemba zina zimene zikalakwika munthu amavulala. Inu alimi a tomato ndi kabichi a ku Lizulu, ku Mlangeni ndi ku Tsangano, tengani botolo la mankhwala opopera mbewu muone chimene chalembedwapo. Nthawi zambiri ndi Chingelezi cha timalemba ting'onoting'ono, ndipo poti madera amenewa ali m'malire a dziko, ena mwa mabotolowo ndi a Chipwitikizi. Mlingo amaunena pa hekitala, pamene mlimi ali ndi sipuleya ya kumsana ya malita 16 ndi mabedi ake a kudimba. Masiku oyenera kudikira musanathyole tomato mutapopera alembedwa pakona pamene diso silifika. Wolemba adalemba zoona, koma adalembera katswiri mnzake. Wolemba wophunzira bwino ntchitoyi amayamba wapita kudimba, n'kuona chimene mlimi amayezera, kenaka n'kulemba kuti mu sipuleya imodzi muthire mlingo wakuti, ndipo chenjezo la masiku odikira aliika pamwamba m'malemba akuluakulu, pakuti tomato ameneyo akadyedwa ku Lilongwe ndi ku Blantyre mawa lomwe. Alangizi a zaulimi a ku Nsipe, ku Kandeu kapena ku Bilira akamalemba kapepala ka malangizo, ntchito imene akugwira ndi yomweyi.

Kuchipatala n'chimodzimodzi. Kalata yotumizira wodwala kuchoka pachipatala chaching'ono kupita chachikulu imalankhula m'malo mwa munthu amene mwina wakomoka. Wapatsidwa kale mankhwala anji, ochuluka bwanji, nthawi yanji? Namwino wausiku amadalira zimene wamasana adalemba. Ndipo buku lakuchipatala limene amayi amalisunga m'chitenje ndi mbiri ya thupi la mwana, yolembedwa ndi manja a anthu ambiri amene sadzakumana.

Tsono tilembe m'chilankhulo chiti? Ntchito za boma zimayenda m'Chingelezi, ndipo wofuna ntchito ya mu ofesi ayenera kuchidziwa bwino, izi n'zosabisa. Koma chidziwitso chomata pachipatala, pamsika kapena pamalo ogulira feteleza wotsika mtengo, wowerenga wake ndani? Ngati ndi agogo a ku Kampepuza, Chingelezi cha pachidziwitsocho chikutumikira wolemba yekha. Chichewa chidakhala chilankhulo cha fuko mu 1968, bungwe la Chichewa Board lidayamba mu 1972, ndipo mu 1996 ntchito yake idapita ku Centre for Language Studies ya yunivesite ya Malawi ku Zomba. Malamulo a kalembedwe alipo, mtanthauziramawu alipo. Chimene chikuchepa ndi anthu ophunzitsidwa kulemba lipoti, fomu kapena mgwirizano m'Chichewa chenicheni. Zambiri zimene timaziona ndi Chingelezi chovala chitenje: wina adalemba m'Chingelezi, mnzake n'kumasulira liwu ndi liwu, zotuluka zake ngakhale mwini chilankhulo amachita kubwereza katatu. Wolemba Chichewa cha pantchito ayambe ndi kudzifunsa kuti, ndikadakhala pamaso pa munthuyu, ndikadamuuza bwanji? Zimene pakamwa payankha, ndizo alembe, kenaka akonze.

Ndikhudzeko za chilungamo, pakuti m'maphunziro amenewa ndi mutu waukulu. Lipoti la mwezi uno lokopera la mwezi watha, n'kungosintha tsiku, ndi bodza ngakhale lili ndi chidindo. Lipoti lakuti ntchito yatha pamene nyumba ilibe denga limabera ana amene adzaphunzire pansi pa mtengo chaka china. Kuba ndalama za boma kumene kudaululika mu 2013, kuja timati Cashgate, kudayenda pa mapepala olipirira katundu ndi ntchito zimene sizidaperekedwe. Ndipo kuyambira pa 30 Sepitembala 2020, pamene lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga lidayamba kugwira ntchito, nzika ili ndi mphamvu yopempha kuona zolembedwa za maofesi a boma. Wolemba lipoti lero azikumbukira kuti owerenga ake si bwana yekha. Tsiku lina adzaliwerenga ndi anthu a m'mudzi umene likunenawo.

Achinyamata mwina mukuti izi n'za makedzana, lero zonse zili pafoni. Foni yasintha liwiro, koma wowerenga ndi yemwe uja, wotanganidwa ndiponso wosadziwa zimene zili m'mutu mwanu. Uthenga wa pa WhatsApp wa gulu la aphunzitsi wongoti "mawa tikumane" umabala mafunso khumi: kuti, nthawi yanji, tibwere ndi chiyani? Uthenga wamawu wa mphindi zisanu ndi wovuta kuufufuza pakatha miyezi itatu mukafuna kudziwa chimene mudagwirizana. Zimene zili zofunika kusungidwa zilembedwe, zikhale ndi tsiku. Ndipo inu ofunsira ntchito, lekani kugula kalata yokonzakonza pamalo otayipira, imene anzanu makumi awiri agulanso n'kungosintha dzina. Wolemba ntchito akaona kalata yachitatu yofanana amadziwa. Werengani chimene alengeza kuti akufuna, ndipo muwauze m'ziganizo zanuzanu chimene mudachitapo chofanana nacho, ngakhale kutakhala kusunga kope la kwaya kapena kuwerengera matumba a kachewere pamsika wa Tsangano.

Akatswiri a phunziroli ali ndi njira imodzi yoyesera cholembedwa imene sifuna ndalama. Asanasindikize fomu kapena malangizo, amapatsa munthu wofanana ndi amene adzawerenge, n'kukhala chete kumuyang'ana. Pamene waima, pamene wabwerera m'mbuyo, pamene wafunsa, pamenepo ndi pamene pali vuto, ndipo vutolo ndi la pepala. Inunso mungachite. Mukalemba kalata ya komiti, mupatse munthu amene sadali pamsonkhano, awerenge kamodzi, kenaka mulande pepalalo n'kumufunsa kuti, kodi tikupempha chiyani, kwa yani, pofika liti? Musamuthandize. Akalephera kuyankha, musakwiye naye, bwererani pampando mukalembenso. Safunsa adadya phula, ndipo kufunsa kwa mtundu umenewu kumatenga mphindi zisanu zokha.

Pempho langa likupita kwa a khonsolo, kwa mabungwe amene amagwira ntchito m'boma lino, ndi kwa mipingo. Mukamasula makomiti atsopano, mumawaphunzitsa za utsogoleri ndi za kasungidwe ka ndalama, ndipo mumachita bwino. Patulaniponso tsiku limodzi la alembi okha, abwere ndi makope awo enieni, akonze maminitsi awoawo, m'Chichewa. Aphunzitsi opuma ndi makalaliki opuma ali m'midzi yathu yomweyi, ndipo ambiri angakondwe kuitanidwa. Aphunzitsi a m'masekondale, ana akamaphunzira kalata yantchito, nthawi zina alembe yeniyeni, yopita kwa munthu weniweni, yopempha chinthu chimene sukulu ikusowadi, ndipo aone ngati yankho libwera.

Inu alembi amene mukumvera, usiku uno tsitsani kope lanu pamene mumalisunga, mutsegule maminitsi a msonkhano wapitawu. Pa mfundo iliyonse imene mudamanga, fufuzani dzina la woichita ndi tsiku lomalizira. Pamene zikusowa ikani kachizindikiro m'mbali, ndipo mukadzakumananso mudzayambe ndi kufunsa zimenezo musanalowe m'zatsopano. Sabata yamawa nthawi ngati yomweyi tidzatenga lipoti la mwezi, kuliyala patebulo ndime ndi ndime, kuyambira pamutu mpaka posaina. Mudzabwere ndi pepala ndi cholembera.